Kuwala kofewetsa zipsera za nkhondo

MILANGE — Mfuti zidaleka kulira boma ndi Renamo atasainirana mtendere ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Koma kwa munthu amene adaponda bomba lokwirira pansi, lija timalitcha mina, nkhondo ikadali m'thupi.

Dera lino lidaona zakuda. Tauni ya Milange idagwa m'manja mwa Renamo mu 1986, ndipo asilikali a boma adailandanso mu 1988. Anthu miyandamiyanda adathawira ku Malawi kudzera pa Muloza. Pobwerera, ena adakumana ndi mina m'minda ndi m'njira za kumadzi. Bungwe la HALO Trust lidagwira ntchito yozula mabombawa muno mu Zambezia, ndipo mu 2015 boma lidalengeza kuti malo onse odziwika ayeretsedwa.

Chimene sichidazulidwe ndi chipsera. Bala la bomba kapena la moto likapola, khungu limauma ndi kukokana. Chala chimakana kuwongoka, khasu osagwirika. Pamene adadula mwendo pamatupa ndi kung'ambika munthu akavala mwendo wochita kupanga.

Kodi chipsera chingafewe? Madokotala a ku America, monga a pachipatala cha asilikali apamadzi ku San Diego, aonetsa kuti n'zotheka. Pothandiza asilikali ovulala ku Iraq ndi ku Afghanistan, adagwiritsa ntchito laser, kuwala kwamphamvu kolunjika pamalo amodzi. Njirayi idatulukiridwa ku Boston mu 2004.

Makina amaboola timabowo tambirimbiri, tochepa ngati tsitsi, m'chipsera, n'kusiya khungu losakhudzidwa pakati pake. Thupi potseka timabowoto limapanga mnofu watsopano wofewa. Wodwala amabwerera kangapo, ndipo ambiri amayamba kupinda chiwalo chimene chidauma. Laser wa mtundu wina amachotsa ubweya pamene adadula mwendo, kuti pasamatuluke zithupsa.

Komatu laser sabweza mwendo. Makinawo ndi okwera mtengo, amafuna magetsi osazimazima ndi dokotala wophunzira za khungu. Kuno ngakhale mwendo wochita kupanga uli patali: kuchoka pa Milange kudzera ku Mocuba kukafika ku Quelimane, kumene amaipanga, ndi makilomita oposa 300.

Mwana amene adaponda mina ali ndi zaka 10 mu 1990, lero wapitirira zaka 40 ndipo ali ndi banja lolidyetsa. Nthaka idayeretsedwa. Ntchito yatsala ndi ya pathupi pake.