Giya Yotsikira Manenekela

Aliyense amene anayendapo pa mseu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata amawadziwa mapiri a Manenekela, kumene mseu umatsetsereka mokhotakhota usanafike pa mlatho wa Luangwa. Pa mtsetse wotere madalaivala ena amacotsa giya kuti galimoto ithamange yokha, ati kusunga petulo ndi giyabokosi. Ine ndikuti akudzinyenga.

Nkhani ya petulo njaifupi. Galimoto zambiri za makono zimadula zokha mafuta mukacotsa phazi pa moto giya ili m'kati, pamene pa nyutulo injini imangomwabe.

Koma pa za kutha kwa zitsulo pali coonadi pang'ono. M'giyabokosi muli timphete ta mkuwa, amakanika amati synchro, timene nchito yake ndi kulinganiza liwiro la magiya asanalumane. Mukacoka pa giya 4 kubwera pa 3, injini iyenera kuzungulira msanga koposa. Mukangoponya giya ndi kumasula kilachi mwadzidzidzi, kusiyanako kumadya timpheteto ndi mbale ya kilachi, ndipo m'kupita kwa nthawi giyayo imayamba kukukuta polowa. Citani cotere: pondani kilachi, gundani moto pang'ono kuti injini ikweze mawu, lowetsani giya, kenaka masulani phazi mofatsa. Apo mwasunga kilachi. Wofuna kusunganso timphete aponde kilachi kawiri, nagunda moto giya ili pa nyutulo kilachi itamasulidwa, monga ankacitira madalaivala a Land Rover zakale zija zimene zinalibe synchro pa giya 1 ndi 2.

Nanga kuvutikiranji? Cifukwa mabuleki akapondedwa mtunda wautali amatentha nasiya kugwira bwino. Mafuta a mabuleki akakalamba amayamwa madzi, ndipo akawira, phazi limangomira mpaka pansi, uku m'galimoto muli amayi ndi ana, kutsogolo kuli kona. Injini ikakhala pa giya yaing'ono imathandiza kugwira galimoto, mabuleki napuma.

Sankhani giya mudakali pamwamba, musanayambe kutsika. Kawirikawiri giya imene mukadakwerera phirilo ndiyo yotsikiranso. Musakakamize giya 2 galimoto itathamanga kale, pakuti injini ingaonongeke, ndipo pa mseu wonyowa matayala angaterereke. M'tauni, poima pa maloboti, ingopondani mabuleki: kusintha mapadi nkochipa kusiyana ndi kutsitsa giyabokosi kuti aike kilachi yatsopano.