MAKOMBOLA A CAKA CATSOPANO ASAUTSA AGALU

Caka ndi caka pa usiku wa 31 December, thambo la ku Chilenje, Matero ndi Kabwata limang'anima ndi makombola. Anthu amaimba nthungululu, koma agalu amakhala pa mabvuto.

Khutu la galu ndi lakuthwa kopambana la munthu, ndipo iye sadziwa kuti kuphulikako ndi cikondwerero cabe. Amanjenjemera, amadula unyolo nalumpha mpanda. Ena amagundidwa ndi magalimoto pa mseu, ena amasocera, motero nyumba imagona yopanda mlonda pa usiku umene akuba naonso ali maso.

Ku Britain lamulo la 2004 linaletsa kuphulitsa makombola kuyambira 11 koloko usiku kufikira 7 koloko m'mawa, kupatula masiku owerengeka monga Diwali ndi Caka Catsopano. Kuno kwathu mwana amawagula pa kantemba ngati maswiti.

Kuwaletseratu kungangocititsa malonda a mobisa. Cofunika ndi cakuti agulitsidwe kwa akulu okha, m'masitolo a cilolezo, pa masiku oikika. Pakali pano, inu eni agalu alowetseni m'nyumba dzuwa lisanalowe.