Magalimoto Amphamvu a ku America: Ena Auka, Ena Apita ku Ng'anjo

Munthu woimirira pa Cairo Road m'Lusaka masiku ano amaona magalimoto a ku Japan ali mdipiti kuyambira m'mawa mpaka madzulo, onse ofanana msinkhu ndi maonekedwe. Koma mwa kamodzikamodzi, makamaka Loweruka kapena Lamulungu pamene miseu iri pwata, kumamveka kulira kwina kwa injini, kokhuthala ngati ng'oma yaikulu, ndipo anthu amaceuka. Imene ikudutsayo ndi galimoto yaitali mphuno, yotambalala, ya zitsulo zonyezimira kutsogolo ndi kumbuyo, yopangidwa zaka zoposa 50 zapitazo.

Magalimoto otere atsala owerengeka m'dziko lino. Ena asungidwa bwino kuseri kwa malinga a nyumba za ku Kabulonga ndi ku Woodlands, kumene eni ace amawasamala ngati ng'ombe ya pamtima. Ena akugona pa njerwa kuseri kwa nyumba za ku Kabwata ndi ku Chelstone, kapena pansi pa mtengo wa mango kumudzi, nkhuku ziri kuikira mazira pa mipando yace. Amene agonawa ndiwo akulimbirana anthu a mitundu iwiri: ofuna kuwaukitsa, ndi ogula zitsulo zakutha amene amangoona kulemera kwace pa sikelo.

KUMENE ANACOKERA

Mtundu wa magalimoto umene Angerezi amaucha muscle car unayamba ku America m'caka ca 1964, pamene kampani ya Pontiac inatenga injini yaikulu ya masilinda 8, ya malita 6.4, ndi kuiika m'galimoto ya msinkhu wapakati yochedwa GTO. Nzeru yace inali yapafupi: thupi lopepukirapo, injini ya galimoto yaikulu, ndi mtengo umene mnyamata wa pa nchito angathe kulipira. Pa 17 April caka comweco a Ford anaonetsa Mustang ku New York, ndipo m'caka cimodzi anagulitsa oposa 400,000. Pofika 1966 a Chevrolet anali atatulutsa Camaro, a Dodge natulutsa Charger.

Mpikisano unakula caka ndi caka. Injini ya Chrysler yochedwa Hemi inali ya malita 7 ndipo inali ndi mphamvu ya akavalo 425. Mu 1970 Chevrolet Chevelle SS inafika pa malita 7.4 ndi mphamvu ya akavalo 450. Koma nyengo imeneyi sinakhalitse. Boma la America linakhwimitsa malamulo a utsi mu 1970, a inshuwaransi anakweza mitengo cifukwa ca ngozi za anyamata othamangitsa, ndipo mu October 1973 maiko a Aluya anacepetsa mafuta ogulitsa kunja, mtengo wa petulo nukwera pa dziko lonse. Pofika 1975 magalimoto amphamvu aja anali atatha fasho, ndipo ambiri anagulitsidwa pa mtengo wa nkhuku.

M'MENE ANAFIKIRA KUNO

Magalimoto a maina a ku America amene makolo athu anawaona kumigodi ndi m'Lusaka nthawi ya Federation, ambiri sanacokere ku America kweni-kweni. Ford inayamba kulumikiza magalimoto ku Port Elizabeth m'dziko la South Africa mu 1924, ndipo General Motors, eni ace a Chevrolet, anatsatira mu 1926. Mzinda umenewu tsopano uchedwa Gqeberha. Magalimoto a kumeneko anali ndi ciongolero kumanja monga ifunira miseu yathu. Chrysler Valiant, ya masilinda 6, ndiyo inagulidwa koposa ena onse ku South Africa kuyambira 1966 mpaka 1968, ndipo akulu ambiri akali kulikumbukira dzina limeneli.

Zaka zimene magalimoto amphamvu anali pa cimake ku America ndizo zaka zimene Zambia inali pa mabvuto a mafuta. Ian Smith atalengeza ufulu wacinyengo ku Rhodesia pa 11 November 1965, mafuta analeka kubwera kudzera kumwera. Petulo anayamba kugulitsidwa mopimira, wina nabwera pa ndege, wina m'migolo pa malole ocokera ku Dar es Salaam, kufikira mpope wa Tazama unatha kumangidwa mu 1968. Mu January 1973 malire a Rhodesia anatsekedwa, ndipo sanatsegulidwe mpaka 1978. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndalama zakunja zinasowa, ndipo masipeya anasowa nazo pamodzi. Anthu anatembenukira ku Fiat yaing'ono imene fakitale ya ku Livingstone inayamba kulumikiza mu 1972.

Ndico cifukwa cace Mustang, Camaro kapena Charger weni-weni ndi wosowa kuno. Amene alipo ambiri anabwera ndi alendo a nchito, kapena anaitanitsidwa posacedwapa ndi anthu a ndalama, ndipo ciongolero cao ciri kumanzere, pakuti Ford sinapange Mustang ya ciongolero ca kumanja m'fakitale yace kufikira 2015. Palinso abale ao a kumwera amene osonkhanitsa amawafuna kwambiri: Ford Fairmont GT ndi Chevrolet SS, olumikizidwa ku South Africa ndi ziwalo zocokera ku Australia kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndi Capri Perana, imene Basil Green wa ku Johannesburg anaiikamo injini ya masilinda 8.

NCHITO YOUKITSA

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Galimoto imene yagona zaka 30 siidzuka m'mwezi umodzi, ndipo nchito yocitidwa bwino imatenga caka cathunthu kapena zaka zingapo. Makanika wodziwa sayamba ndi kuliza injini. Amacotsa mapulagi, nathira mafuta pang'ono m'masilinda, naisiya masiku angapo, kenaka naizunguza ndi dzanja kuti aone ngati mapisitoni sanagwirane ndi dzimbiri. Petulo wakale amasanduka phala lomata m'thanki ndi m'kabureta, motero zonsezi zimatsukidwa. Mawaya amene makoswe anadya amasinthidwa, pakuti waya mmodzi wosupuka angathe kutentha nchito ya caka conse.

Mdani wamkulu ndi dzimbiri. Dziko lathu liri kutali ndi nyanja ya mcere, ndipo miseu yathu sithiridwa mcere monga acitira ku America nthawi ya cisanu, kotero kuti zitsulo za kuno zimakhalitsa. Koma galimoto yogona pansi pa mtengo imadzala masamba m'ngodya zace, mvula ya December nilowa, pansi pace ndi m'buti nimuola. Wokonza amacotsa penti yense kufikira citsulo cioneke, nadula poola, naocherera citsulo catsopano cimene wacipinda ndi nyundo. Waulesi amangomata phala ndi kupaka penti wonyezimira pamwamba. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ogula ocenjera amayenda ndi kacitsulo ka maginito, ndipo pamene sikagwira amadziwa kuti pansi pa penti pali phala.

Injini zimenezi zinapangidwira petulo wokhala ndi mtobvu, amene ankateteza pokhalira mavalavu. Petulo wotere sagulitsidwanso pa dziko lonse, ndipo dziko lotsiriza kumsiya linali Algeria mu 2021. Motero pokonza injini yakale amaikamo mphete zolimba pokhalira mavalavu kuti pasadyeke. Mabauti ace ndi a muyeso wa mainchi, ndipo masipanala a mamilimita amene ali m'bokosi la makanika wa lero amangowakulukutiza mitu. Mabuleki akale a ng'oma sakwanira kuimitsa galimoto yolemera pakati pa khamu la pa Great East Road, ndipo ambiri amaika mabuleki a mbale kutsogolo.

Masipeya a Mustang ndi Camaro sabvuta kupeza kwa amene ali ndi ndalama, pakuti ku America alipo makampani amene akupangabe ciwalo ciri conse catsopano, ngakhale thupi lonse. Bvuto ndi mtunda. Katundu amadzera ku Durban, ku Walvis Bay kapena ku Dar es Salaam, ndipo pofika pa malire amalipiridwa msonkho ku Zambia Revenue Authority. Za Valiant ndi magalimoto ena olumikizidwa kumwera n'zobvuta koposa. Galasi la kutsogolo kapena nyali ya kumbuyo imapezeka pokhapokha pa galimoto inzace yakufa, kotero kuti iri yonse yopita ku ng'anjo imapita ndi ziwalo zimene zikadaukitsa ina.

MANJA AKUTHA

Cosowa kopambana masipeya ndi anthu odziwa nchito. Amakanika amene anaphunzira m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 anakula m'nthawi imene sipeya yatsopano inali yosaoneka. Anaphunzira kudula gasiketi pa cikatoni colimba, kupala mapointi, kuchera kabureta pongomvera ndi khutu, ndi kuongola citseko copindika popanda kugula cina. Malonda atamasulidwa kuyambira 1991, magalimoto ogwirapo kale nchito a ku Japan anadzala m'dziko, ndipo nchito inasintha. Mnyamata wa lero amalumikiza kompyuta ku galimoto kuti imuuze pobvuta, nagula ciwalo cina kumsika, naika. Imeneyo ndi nzeru yace ndithu, koma siithandiza pa injini ya 1968 imene iribe polumikizira kompyuta.

Akuluakulu aja tsopano ali ndi zaka 60 ndi 70, ndipo ena anabwerera kale kumudzi ku Petauke, ku Katete ndi ku Lundazi. Mwini galimoto wa ku Kabulonga angakhale ndi ndalama zoitanitsira ziwalo ku America, koma potsiriza amafunabe mdala wa pansi pa mtengo kuti adzazilumikize. Wacinyamata amene angakhale pafupi ndi mdala wotere adzatola luso limene silipezeka m'buku, ndipo luso lomwelo ndilo likonza thirakitala yakale, cigayo ndi injini yopopera madzi kumudzi.

MTENGO WACE

Mu January 2020, Mustang ya 1968 imene inaoneka m'kanema wochedwa Bullitt inagulitsidwa ku Florida pa madola oposa 3 miliyoni. Nkhani zotere zimasokoneza mitu, ndipo munthu angayambe kuyesa kuti ciphakasa ciri kuseri kwa nkhokwe ndi mgodi wa golide. Mtengo wotere umalipiridwa pa galimoto yosowa, ya mbiri yodziwika, imene manambala a injini ndi a thupi ali omwe aja inatuluka nao m'fakitale. Valiant ya zitseko zinai siingafike pamenepo, ndipo kawirikawiri ndalama zoikonzera zimaposa zimene mwini adzalandira poigulitsa. Kuiyendetsanso n'kodula. Injini yaikulu ya masilinda 8 imayenda makilomita 4 kapena 5 pa lita imodzi, kotero kuti ulendo wa ku Chipata umadya malita oposa 100, pamene galimoto yaing'ono ya lero siifika 50.

Ngakhale ziri tero, galimoto yathunthu iri ndi mtengo woposa kulemera kwa citsulo cace. Banja limene liri nayo lisafulumire kuitana wa sikelo. Liyambe lafuna buku lace, lija anthu amalicha White Book, pakuti popanda ilo n'kobvuta kusintha dzina la mwini ku Road Transport and Safety Agency. Lisacotse kacitsulo kolembedwa manambala kamene kamakhala pa mphuthu ya citseko kapena pafupi ndi injini. Liikweze pa njerwa, liifunditse denga, ndipo lisagulitse ziwalo cimodzicimodzi, cifukwa tizitsulo tonyezimira ndi magalasi ndizo zosowa koposa. Ngati mwini anamwalira, galimotoyo ndi cuma ca masiye, ndipo monga mwa lamulo la 1989 mkazi wamasiye ndi ana ndiwo oyamba kukhala ndi mau pa iyo.

Ku Chilenje House 394, kumene a Kenneth Kaunda anakhala kuyambira 1960 mpaka 1962, kuli Land Rover imene inagwira nchito pomenyera ufulu, ndipo ana a sukulu amapita kukaiona. Lamulo la 1989 losunga zinthu zakale linachula zinthu zopangidwa cisanafike caka ca 1924, ndi zokhudza anthu kapena zocitika zazikulu m'mbiri ya dziko. Chevrolet imene mphunzitsi kapena kapitao wa kumgodi anagula ndi thukuta lace, imene inanyamula akwati ndi odwala a mudzi wonse, siiri m'gulu limenelo. Kusungika kwace kuli m'manja mwa banja lokha, ndipo ikangolowa m'ng'anjo ya zitsulo ku Kafue imatuluka iri nsimbi zomangira nyumba.