NDANI AIKIRA MALIPIRO ALONDA A NDALAMA ZATHU?

Kasisi ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kucokera mu Lusaka, kuseri kwa bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda, m'boma la Chongwe. Kuyambira m'caka ca 1905 pamene Bambo Jules Torrend, wansembe wa Cijezuiti, anamanga mishoni pamalopo, anthu a kumeneko akhala akudalira khasu. Lero alimi a ku Kasisi agulitsa matimati, ndiwo za masamba ndi cimanga mu mzinda, koma ambiri sabweranso ndi ndalama zomanga pa nsalu monga kale. Ndalama zao zilowa pa foni kapena m'buku la ku banki.

Mlimi wotere sanapondepo m'nyumba ya Bank of Zambia pa mseu wa Cairo, komabe m'nyumbamo muli anthu amene nchito yao ndi kulonda ndalama zakezo. Nkoyenera tsono kuti adziwe kumene malipiro a alondawo acokera, ndiponso amene awaikira malipirowo.

Nchito ya alonda

Bank of Zambia inakhazikitsidwa m'caka ca ufulu, 1964. Ndiyo itulutsa ndalama ya Kwacha, imene inayamba kugwira nchito mu 1968. Ndiyonso ipereka cilolezo kwa mabanki, kwa makampani okongoza ndalama ndi kwa aja otumiza ndalama pa foni, ndipo ituma anchito ake kukasanthula mabuku ao. Palinso mabungwe ena awiri a Boma ocita nchito yofanana nayo. La Pensions and Insurance Authority liyang'anira makampani a inshuwalansi ndi matumba a penshoni a m'makampani, pamene la Securities and Exchange Commission liyang'anira msika wa masheya.

Akuluakulu anati citsime cidziwika kuya cikaphwa. Mu 1995 banki ya Meridien BIAO inagwa, ndipo anthu ambiri anasowa pogwira. Mu 2016 Bank of Zambia inalanda banki ya Intermarket, ndipo mu April 2024 inalandanso ya Investrust itapeza kuti ngongole zake zaposa cuma cake. Osunga ndalama m'menemo anapeza zitseko zotseka, nayembekeza kuti auzidwe tsiku lolandira zao. Pa masiku otere munthu wa kumudzi azindikira kuti maso a mlonda ndiwo aimira pakati pa thukuta lake ndi umphawi.

Malipiro acokera kuti?

Mphunzitsi wa pa sukulu ya Boma ku Kasisi alandira malipiro ocokera ku thumba la Boma, mmene mulowa misonkho. Anchito a Bank of Zambia alipidwa ndi ndalama zimene bankiyo ipanga yokha, monga ciongola dzanja ca pa cuma ca dziko cosungidwa kunja, ndi ndalama zimene mabanki alipira kuti akhale ndi cilolezo. Ena angaganize kuti nkhaniyi siikhudza munthu wamba, koma si tero ai. Mwini wake wa bankiyo ndi Boma, ndipo phindu lotsala ikalipira zonse ndi kupatula zosunga lipita ku thumba la Boma. Kotero Kwacha iliyonse yoonjezedwa pa malipiro icoka mu nkhokwe imodzimodziyo yogulira mankhwala ndi mabuku a ana.

Pali cifukwa comveka cimene anchito a mabungwe otere alandirira zoposa anzao a m'maunduna. Kuti munthu agwire banki imene ibisa kuluza kwake, ayenera kudziwa masamu a cuma ndi malamulo kuposa eni bankiwo. Anthu otere ndi owerengeka, ndipo mabanki omwewo awafunanso. Mlonda akagona ndi njala, kapena asiya nchito nkupita kwa olemera, kapena ayamba kulandira ca m'manja kwa iwo amene afunika kuwalonda. Zonse ziwiri zipweteka wosunga ndalama.

Koma mbali ina ya nkhaniyi ndi yolemeranso. Bungwe likamadziikira lokha malipiro popanda wolifunsa, palibe malire amene lingaimirepo, ndipo kulidzudzula kuvuta popeza ndilo lisunga cuma ca dziko. Paja khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Mkangano wakale

Vutoli si la lero. Mu 1975 komishoni yotsogozedwa ndi a John Mwanakatwe inapereka lipoti pa malipiro a anchito a Boma pamodzi ndi a mabungwe ndi makampani a Boma, popeza kusiyana kwa malipiro kunali kudandaulitsa anthu. Mu 2013 Boma linakweza kwambiri malipiro a anchito ake, koma thumba linalema, ndipo mu 2014 ndi 2015 kukweza malipiro kunaimitsidwa.

Malamulo oyendetsera dziko atakonzedwanso mu 2016, munalembedwa za komishoni yoona malipiro, ya Emoluments Commission, ndipo mu 2022 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loti iyambe nchito. Malinga ndi lamulolo, nthambi za Boma ndi mabungwe okhazikitsidwa ndi lamulo apereka maganizo ao pa za malipiro, koma wogamula ndi komishoniyo. Inapatsidwanso nchito yolinganiza malipiro kuti anthu ogwira nchito zolemera mofanana asasiyane kopitirira muyeso. Ngakhale ndalama zimene mafumu alandira kwa Boma zili m'manja mwa komishoni yomweyo.

Kulemera kwa nchito imeneyi kuoneka munthu akayang'ana ziwerengero za caka cimodzi. Mu 2024 anchito a m'maunduna anaonjezeredwa K550 pa mwezi, ndipo malipiro ocepetsetsa a wanchito wa pa nyumba anali K1,300. Caka comweco bungwe la Food Reserve Agency linagula thumba la cimanga la makilogalamu 50 pa K330, pamene bungwe la Ajezuiti la JCTR linawerengera kuti banja la anthu asanu mu Lusaka lifuna ndalama zoposa K10,000 pa mwezi kuti lipeze zofunika pa moyo. Pa mtengo umenewo mlimi anafunika kugulitsa matumba oposa 30 kuti afike pa ndalama ya mwezi umodzi wokha. Munthu wokhala m'mavuto otere sangavomere msanga kuti wina alandire zambiri ndi ndalama za dziko, pokhapo ataona cimene wolandirayo acita.

Ndiye cifukwa cake nkhani ya malipiro iyenera kukhala poyera. Caka ciliconse Bank of Zambia isindikiza lipoti loonetsa zimene yapeza ndi zimene yaononga, kuphatikizapo ndalama zolipira anchito, ndipo lipotilo lipita ku Nyumba ya Malamulo. Anthu a ku Kasisi ndi midzi yozungulira ali ndi ufulu wofunsa phungu wao pa msonkhano ngati anawerenga lipotilo, ndi zimene anapezamo.

Pamudzi, mlonda wa munda adya bwino kuti asagone anyani akabwera. Koma mbale yake amuyesera ndi mwini munda, ndipo nyengo yokolola ikafika, onse awiri aima pa nkhokwe kuona ngati yadzala.