Mphoto za mabuku a ana: osankha ndani, nanga ololedwa kupikisana ndani?

Chaka chilichonse m'mwezi wa Januwale, alembi ndi makampani osindikiza mabuku a ana m'dziko la America amakhala tcheru kudikira chigamulo cha anthu 15. Anthuwa, omwe ambiri mwa iwo ndi ogwira ntchito m'malaibulale, amakhala atatha chaka chathunthu akuwerenga mabuku mazanamazana, ndipo pomaliza amadzitsekera m'chipinda kuti asankhe buku limodzi. Zimene amakambirana m'chipindamo saloledwa kuziulula. Wopambana amalandira mendulo yamkuwa yotchedwa Newbery, popanda ngakhale tambala pamwamba pake.

Komabe palibe mlembi amene amadandaula nayo. Pachikuto cha buku lopambanalo pamamatidwa chidindo chagolide, ndipo masukulu ndi malaibulale m'dziko lonselo amathamangira kukaligula. Mabuku ambiri a ana amasindikizidwa kamodzi n'kuiwalika, pomwe buku lokhala ndi chidindochi limatha kusindikizidwa mobwerezabwereza kwa zaka makumimakumi.

Apa ndi pomwe pagona mphamvu ya mphoto za mabuku a ana. Munthu wamkulu amasankha yekha chowerenga, koma mwana wa zaka 8 sapita kusitolo ndi ndalama zake. Amene amamugulira buku ndi kholo, mphunzitsi kapena woyang'anira laibulale, ndipo anthuwa alibe nthawi yowerenga mabuku onse amene atuluka m'chaka. Akaona chidindo amangokhulupirira kuti ena anawawerengera kale. Motero kagulu kochepa ka oweruza kamakhala ndi mbali yaikulu posankha nkhani zimene m'badwo wathunthu ukule nazo.

Mendulo ya Newbery ndiyo kholo la mphoto zonsezi. Anayambitsa ganizoli m'chaka cha 1921 ndi Frederic Melcher, mkonzi wa magazini ya zamalonda a mabuku, yemwe ankafuna kuti kulembera ana kuzilemekezedwa ngati kulembera akuluakulu. Anaitcha dzina la John Newbery, wogulitsa mabuku wa ku London wa m'zaka za m'ma 1700, mmodzi mwa oyamba kuona kuti mabuku a ana angakhale malonda paokha. Woyamba kuilandira m'chaka cha 1922 anali Hendrik van Loon ndi buku lake la mbiri ya anthu lotchedwa The Story of Mankind. M'chaka cha 1938 bungwe la malaibulale la American Library Association linayamba kuperekanso mendulo ya Caldecott, yomwe imapita kwa wojambula zithunzi, pozindikira kuti m'buku la mwana wamng'ono chithunzi chimanyamula theka la nkhani. Mphoto ya mabuku a achinyamata a zaka 12 mpaka 18, ya Michael L. Printz, inachedwa kwambiri. Inayamba m'chaka cha 2000, ndipo woyamba kuipata anali Walter Dean Myers ndi buku la Monster, nkhani ya mnyamata wa zaka 16 amene akuzengedwa mlandu wakupha.

Dziko la Britain nalo lili ndi mendulo yake ya Carnegie, yomwe inayamba m'chaka cha 1936 pokumbukira Andrew Carnegie, mpondamatiki amene anamangitsa malaibulale oposa 2,500.

Oweruza nawo ndi anthu, ndipo amaphonya. Chitsanzo chomwe chimatchulidwa kawirikawiri ndi cha m'chaka cha 1953, pomwe buku la E.B. White la Charlotte's Web, nkhani ya kangaude amene anapulumutsa kankhumba kuti kasaphedwe, linalephera kutenga Newbery. Linapambana ndi Secret of the Andes. Lero buku la White likuwerengedwabe m'zinenero zambirimbiri pomwe linzakelo ndi ochepa amene amalikumbukira. M'chaka cha 2008 katswiri wina wa mabuku a ana, Anita Silvey, anautsa mapiri pachigwa atalemba m'magazini ya School Library Journal kufunsa ngati Newbery inasochera, ponena kuti ena mwa mabuku opambana ankasangalatsa oweruza okha, ana osawakhudza n'komwe. Malamulo a menduloyi amanena poyera kuti kutchuka kwa buku si muyeso. Izi zili ndi nzeru zake, chifukwa buku lotchuka kale silisowa wolithandiza, koma zimasiyabe funso loti buku la ana limene ana sakulifuna lingatchedwe bwanji lopambana.

A Carnegie anayesa kuthana ndi vutoli mwa njira yawo. Magulu a ana m'masukulu amawerenga mabuku omwe afika m'ndime yomaliza nthawi imodzi ndi oweruza, ndipo kuyambira m'chaka cha 2019 anawa amasankhanso wopambana wawo. Zaka zina amagwirizana ndi akuluakulu, zaka zina ayi.

Vuto lalikulu kuposa la kuphonyali ndi la anthu amene oweruza sankawaona n'komwe. M'chaka cha 1965 Nancy Larrick analemba nkhani yodandaula kuti m'mabuku a ana a ku America munkapezeka pafupifupi azungu okhaokha, ngakhale kuti m'masukulu a dzikolo munali ana akuda mamiliyoni. Mlembi woyamba wakuda kupata Newbery anali Virginia Hamilton m'chaka cha 1975, patatha zaka 53 chiyambireni menduloyi. Pofika nthawiyo ogwira ntchito m'malaibulale ena anali atatopa kale ndi kudikira, ndipo anakhazikitsa mphoto ya Coretta Scott King ya alembi akuda, yomwe inaperekedwa koyamba m'chaka cha 1970. Ku Britain zinatenga nthawi yaitali kuposa apa. M'chaka cha 2017 kunabuka mkangano pamene mndandanda wa opikisana pa Carnegie unapezeka kuti muli azungu okhaokha, ndipo mlembi woyamba yemwe si mzungu anaipata m'chaka cha 2019. Iyeyu ndi Elizabeth Acevedo, ndi buku lake la The Poet X.

Kwa mlembi wa muno mu Africa, chotchinga chimayambira m'malamulo a mpikisano, oweruza asanatsegule n'komwe buku. Newbery imafuna kuti mlembi akhale nzika ya America kapena wokhala m'dzikolo, buku likhale la Chingerezi ndipo lisindikizidwe ndi kampani ya komweko. Carnegie imafuna buku la Chingerezi lotuluka ku Britain. Beverley Naidoo, yemwe anabadwira ku Johannesburg, anaipata ndi buku la m'chaka cha 2000 la The Other Side of Truth, lonena za ana awiri a mtolankhani wa ku Nigeria amene anathawira ku London mayi awo ataphedwa. Koma Naidoo anali atakhala ku England zaka zambiri, chithawireni ulamuliro wa tsankho kwawo. Ngakhale mphoto ya Children's Africana Book Awards, yomwe cholinga chake ndi kulemekeza mabuku abwino onena za Africa, imayang'ana mabuku opezeka pamsika wa ku America.

Pali mphoto ziwiri zikuluzikulu zomwe sizisankha chinenero kapena dziko. Yoyamba ndi ya Hans Christian Andersen, yomwe ena amaitcha Nobel wamng'ono. Imaperekedwa zaka ziwiri zilizonse kuyambira m'chaka cha 1956 ndi bungwe la IBBY, lomwe Jella Lepman anayambitsa ku Zurich m'chaka cha 1953 pokhulupirira kuti mabuku angathandize ana a ku Ulaya kumvetsetsana nkhondo yachiwiri itatha. Mphotoyi imaunika ntchito yonse ya moyo wa mlembi kapena wojambula. Koma munthu sangadzilembetse yekha. Dzina lake liyenera kuperekedwa ndi nthambi ya IBBY ya m'dziko lake, pamodzi ndi mabuku ndi zikalata zofotokoza ntchito yake m'chinenero chomwe oweruza angamve, ndipo zonsezi zimalira ndalama. Mphotoyi yapitapo ku Brazil, Japan, China ndi Argentina, koma pofika m'chaka cha 2024 inali isanabwerepo mu Africa.

Yachiwiri ndi ya Astrid Lindgren, yomwe boma la Sweden linakhazikitsa m'chaka cha 2002 mlembi wa buku la Pippi Longstocking atamwalira. Iyi ndiyo yonona kuposa zonse pa mabuku a ana: ndalama za krona zokwana 5 miliyoni, zochokera ku misonkho ya anthu a dzikolo. Chosangalatsa n'chakuti imatha kupita kwa mlembi, wojambula, wokamba nthano pakamwa kapena bungwe lolimbikitsa kuwerenga. M'chaka cha 2015 inapita ku bungwe la PRAESA la ku Cape Town, lomwe Neville Alexander, yemwe anakhalapo m'ndende ya Robben Island, anayambitsa m'chaka cha 1992. Ntchito ya bungweli yagona pa mfundo yoti mwana aziyamba kukonda nkhani m'chinenero cha kwawo, ndipo ndilo linali patsogolo poyambitsa kampeni ya Nal'ibali yomwe imafalitsa nthano m'zinenero za ku South Africa.

Mu Africa momwemuno mphoto zilipo, ngakhale si zambiri. Ya ndalama zambiri ndi Nigeria Prize for Literature, yomwe kampani ya gasi ya Nigeria LNG imapereka madola 100,000. Imasinthasintha pakati pa nkhani zazitali, ndakatulo, zisudzo ndi mabuku a ana, kutanthauza kuti olembera ana amadikira zaka zinayi kuti nthawi yawo ikwane. M'chaka cha 2015 oweruza anakana kuipereka kwa aliyense ponena kuti palibe buku la ana limene linafika pamlingo wofunika, chigamulo chomwe chinakwiyitsa alembi ambiri koma chinaonetsanso kuchepa kwa akonzi ndi osindikiza odziwa ntchitoyi. M'chaka cha 2019 inapita kwa Jude Idada ndi buku la Boom Boom, nkhani ya banja lolimbana ndi matenda a sickle cell. Mphotoyi ndi ya anthu a ku Nigeria okha. Ku Ghana, Deborah Ahenkorah anayambitsa Golden Baobab m'chaka cha 2008 kuti ifukule olembera ana a m'maiko onse a mu Africa.

Malawi anafikako pabwalo limeneli kudzera mwa William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, yemwe anapanga makina amphepo opangira magetsi ataona chithunzi m'buku la mu laibulale yaing'ono ya kwawo, panthawi yomwe anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi. Buku lake la The Boy Who Harnessed the Wind, lomwe analemba ndi Bryan Mealer, linalandira mphoto ya Alex m'chaka cha 2010. Mphotoyi imaperekedwa ndi American Library Association ku mabuku khumi a akuluakulu amene achinyamata angawakonde. Pambuyo pake nkhaniyi inatulukanso ngati buku la zithunzi la ana m'chaka cha 2012, kenaka buku la achinyamata m'chaka cha 2015. Chinalitsegulira khomo n'chakuti linalembedwa m'Chingerezi ndi kusindikizidwa ku New York. Nkhani yomweyo ikanalembedwa m'Chichewa n'kusindikizidwa ku Blantyre, oweruza a Alex sakanaloledwa kuiganizira, ndipo makomo otsala akanakhala a Andersen ndi Lindgren, komwe mlembi amafika pokhapokha bungwe lovomerezeka litapereka dzina lake.