Kupulumutsa zinkhwe zogwidwa m'tchire ku Malawi

Kupulumutsa zinkhwe ndi ntchito yolanda kapena kulandira zinkhwe zomwe anthu akuzisunga m'makola, kuzichiza, kenaka n'kuzipezera malo oyenera okhala. M'maiko monga Britain ndi America muli mabungwe omwe amalandira zinkhwe zimene eni ake alephera kuzisamala, n'kuzipereka kwa mabanja ena. Ku Malawi nkhaniyi imasiyana, chifukwa zinkhwe zina za m'makola zimakhala zogwidwa m'nkhalango za m'dziko momwemo. Choncho cholinga choyamba sichikhala kupezera mbalameyo mwini watsopano, koma kuibwezera kutchire ngati n'kotheka.

Kachinkhwe ka ku Liwonde

Mbalame yomwe imatchulidwa kawirikawiri pankhaniyi kumwera kwa nyanja ya Malawi ndi kachinkhwe kotchedwa Lilian's lovebird, komwe dzina lake la sayansi ndi Agapornis lilianae. Kamatalika pafupifupi masentimita 14. Thupi lake n'lobiriwira, kumaso n'kofiirira, mlomo n'wofiira, ndipo kuzungulira diso kuli mzere woyera. Katswiri wa mbalame George Shelley ndiye anakapatsa dzinali mu 1894 polemekeza Lilian Sclater.

Ku Malawi kachinkhweka kamapezeka makamaka ku nkhalango yotetezedwa ya Liwonde, m'mbali mwa mtsinje wa Shire, kumwera kwa nyanja ya Malombe. Kamapezekanso ku Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi Tanzania. Kamadalira kwambiri mitengo ya tsanya, popeza kamagona ndi kuikira mazira m'mphako za mitengo ikuluikulu.

Zomwe zimaopseza mbalamezi

Bungwe la IUCN linaika kachinkhweka m'gulu la zamoyo zomwe zatsala pang'ono kukhala pangozi yotha. Zifukwa zake ndi zingapo. Kudula tsanya pofuna makala, nkhuni ndi mitengo yomangira kumathetsa mphako. Anthu osaka nyama mozemba amathira poizoni m'madziwe nthawi yachilimwe, ndipo mbalame zikabwera kudzamwa m'magulu zimafa zambiri nthawi imodzi. Alimi ena amazipha chifukwa zimadya mbewu m'minda, pomwe anthu ena amazigwira kuti akagulitse kwa okonda kuweta mbalame. Katswiri wa ku Malawi, Tiwonge Mzumara-Gawa, anachita kafukufuku wa moyo wa mbalamezi ku Liwonde.

Malamulo ndi mabungwe

Lamulo loteteza nyama zakutchire la National Parks and Wildlife Act, lomwe linaunikidwanso mu 2017, limaletsa kugwira, kusunga kapena kugulitsa nyama zotetezedwa popanda chilolezo. Pamilandu ikuluikulu chilango chimafika zaka 30 m'ndende. Malonda a zinkhwe pakati pa maiko amayendetsedwa ndi pangano la CITES, lomwe mu 2016 linaletsa kugulitsa kunja zinkhwe zotuwa za ku Africa zogwidwa m'tchire.

Nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire ndiyo ili ndi mphamvu yolanda mbalame zosungidwa mosaloledwa. Nyama zambiri zolandidwa zimakasamalidwa ku Lilongwe Wildlife Centre. Bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira nkhalango ya Liwonde kuyambira mu 2015, ndipo mu 2018 linayambanso kuyang'anira nkhalango ya Mangochi.

Momwe mbalame yopulumutsidwa imasamalidwira

Mbalame ikafika, dokotala wa ziweto amaiyeza n'kuiika payokha kwa masabata angapo. Izi n'zofunika chifukwa pali matenda othothola nthenga ndi kuononga mlomo wa zinkhwe, omwe angafalikire ku mbalame za kutchire. Ikapezeka kuti ilibe matenda, amaiika m'khola lalikulu kuti iyambirenso kuuluka, makamaka ngati amene anaigwira anaidula nthenga za m'mapiko. Yomwe yachira bwino amakaimasula kudera komwe kuli zinzake.

Mbalame yolumala, kapena yomwe inazolowera kudyera m'manja mwa anthu, siingakhalitse kutchire. Yotereyi imasungidwa kumalo osamalirako nyama moyo wake wonse. Umenewu ndi udindo waukulu, pakuti kachinkhwe kakang'ono kamatha kukhala zaka zoposa 10, pomwe chinkhwe chotuwa chimatha kupitirira zaka 40.

Kuphunzitsa anthu

Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe linayamba mu 1947, limaphunzitsa ana za chilengedwe kudzera m'makalabu a m'sukulu. Oteteza nyama amalangiza anthu kuti asamagule mbalame yogulitsidwa m'mbali mwa msewu, ngakhale atayimvera chisoni, chifukwa ndalamayo imalimbikitsa wogulitsa kukagwiranso ina. Amene waona malonda otere, kapena ali ndi chinkhwe chomwe walephera kuchisamala, ayenera kudziwitsa alonda a nkhalango kapena apolisi, osati kungochitsegulira khola.