N'chifukwa chiyani wotchi ya pakhoma imanama?

Anthu ambiri m'tauni muno akachedwa kuntchito amati wotchi yawapusitsa. Ine ndimati enawo akunena zoona.

Mkati mwa wotchi ya batire muli kamwala ka quartz komwe kamanjenjemera maulendo 32,768 pa sekondi. Wotchiyo imangowerenga kunjenjemerako basi. Kukatentha ngati mu Okutobala, kapena kukazizira mu Juni, kamwalako kamachedwa pang'ono. Timasekondi timeneti timaunjikana, ndiye pakatha miyezi ingapo mwataya mphindi yathunthu. Batire ikayamba kutha, mivi imachita kukwawa.

Foni siisochera chonchi chifukwa imatenga nthawi ku netiweki. Malangizo anga ndi awa: mwezi ukatha, fananitsani wotchi yanu ndi foni, ndipo musaipachike padzuwa kapena pafupi ndi mbaula.